Nthambo zikuthamanga ka 18,000, nanga anthu akudikiriranji?

Pa 30 Sepitembala 2025, kampani ya ku America ya AOL inatseka ntchito yake yolumikiza anthu ku intaneti kudzera pa lamya ya m'nyumba. Nkhaniyi itamveka, chimene chinadabwitsa anthu ambiri n'chakuti ntchitoyo inali ikadalipo. M'madera ena akumidzi a dziko lolemeralo munali mabanja amene, akafuna kuwerenga imelo, ankayamba aimbitsa kaye foni kabokosi kotchedwa modemu, n'kukhala phee kudikira kuti kalumikize.

Amene anagwiritsapo ntchito intaneti m'zaka za m'ma 1990 sangaiwale kulira kwa kabokosiko. Kankayamba ndi kuimba nambala, kenako tswiii, kenako khoooo, kenako zii, ndiye kuti mwalowa. Phokosolo linali ndi ntchito yake: mamodemu awiri, ya kunyumba ndi ya kukampani, ankayesa nthamboyo kuti aone phokoso lomwe lilimo ndi liwiro limene ingathe kupirira, kenako n'kugwirizana chimodzi. Munthu akalowa pa intaneti, foni ya pakhomopo inkakhala yotanganidwa mpaka atatulukapo. Wina akanyamula foniyo kuchipinda china, zonse zinkaduka, ndipo chithunzi chimene chinali chitatsala pang'ono kutha chinkayambanso poyambirira.

Ziwerengero za nthawiyo masiku ano zimaseketsa. Modemu ya Bell 103, imene kampani ya AT&T inatulutsa mu 1962, inkatumiza mabiti 300 pa sekondi. Biti ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa kompyuta, 0 kapena 1, ndipo mabiti 300 ankakwana zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Munthu wodziwa kuwerenga ankatha kuyendera limodzi ndi mawu pamene akutuluka pa sikirini. Mu 1981, pamene Dennis Hayes ndi mnzake Dale Heatherington anatulutsa Smartmodem, modemu imene inkadziimbira yokha nambala, liwiro linali lomwelo la 300. Kuchokera apo zinthu zinayamba kusuntha: 2,400 mu 1984, 14,400 mu 1991, 28,800 mu 1994, 33,600 mu 1996, mpaka 56,000 mu 1998. Pa 56,000 ulendowo unathera pomwepo.

Lero kabowo kolowetsa nthambo ya netiweki pa kompyuta wamba ya mu ofesi kamalandira mabiti 1 biliyoni pa sekondi, kuposa modemu yomalizayo pafupifupi ka 18,000, ndi kuposa ya Bell 103 kopitirira ka 3 miliyoni. Nyimbo imodzi ya mamegabayiti 4 inkafuna mphindi pafupifupi 10 pa modemu ya 56,000. Pa nthambo ya lero imadutsa munthu asanaphethire. Filimu ya gigabayiti imodzi ikanatenga maola pafupifupi 40, usana ndi usiku, foni osaigwira. Tsopano ndi masekondi 8.

Masamuwa ndi oona, ndipo ogulitsa intaneti amawakonda kwabasi. Koma munthu wokhala kutsogolo kwa kompyuta, akuyang'ana kachizindikiro kozungulirazungulira pa tsamba limene likukana kutseguka, ali ndi ufulu wofunsa kuti 18,000 ameneyu anathera kuti. Kuyerekeza modemu ndi nthambo za lero poona liwiro lokha kumabisa zambiri, ndipo zobisikazo n'zimene zimakhudza thumba la wogula ndi nthawi yake.

Choyamba kudziwa n'chakuti zinthu ziwirizi sizinachokere m'nyumba imodzi. Anthu amaganiza kuti nthambo ya netiweki inabwera kudzalowa m'malo mwa modemu, koma inalipo kale modemu isanakule. Robert Metcalfe ndi David Boggs anapanga Ethernet ku Xerox PARC, ku California, kuyambira mu 1973, ndipo inkayenda pa mabiti 2.94 miliyoni pa sekondi pa nthawi imene mamodemu ambiri anali pa 300. Kusiyana kwa pafupifupi ka 10,000 kunalipo kale m'zaka zimenezo. Ethernet inakwera kufika pa mamiliyoni 10 mu 1980, mamiliyoni 100 mu 1995, biliyoni imodzi mu 1998, mabiliyoni 10 mu 2002, mabiliyoni 400 mu 2017. Koma Ethernet ya pa waya wa mkuwa, imene imapezeka m'maofesi, ili ndi malire a mamita 100 basi. Ndi nthambo ya m'nyumba, yochoka m'chipinda ichi kupita m'chipinda icho. Modemu inkapatsidwa ntchito ina yovuta zedi: kudutsitsa uthenga makilomita ambirimbiri m'mawaya amene anaikidwa kuti anyamule mawu a munthu, ena mwa iwo akale kuposa amene ankawagwiritsa ntchito.

Apa m'pamene luso la akatswiri a mamodemu liyenera kupatsidwa ulemu wake. Makampani a lamya ankadutsitsa kagawo kochepa chabe ka phokoso, kuyambira mahetsi 300 mpaka 3,400, kokwanira kuti munthu azindikire mawu a m'bale wake. Zina zonse ankazisefa. Mu 1948, Claude Shannon wa ku Bell Labs anasonyeza mwa masamu kuti njira iliyonse yotumizira uthenga ili ndi malire ake, potengera kukula kwa njirayo ndi phokoso losokoneza limene lilimo. Pa lamya wamba malirewo anali cha m'ma 30,000, ndipo modemu ya 33,600 inali itafika pakhoma penipeni. Kuti afike pa 56,000 anachita kuzembera khomalo. Pofika nthawiyo mkati mwa netiweki ya lamya munali mutasanduka manambala kale: mawu ankayezedwa ka 8,000 pa sekondi, mabiti 8 ulendo uliwonse, zonse pamodzi 64,000. Kampani ya intaneti ikalumikizidwa mwachindunji ku manambalawo, inkatha kutumiza uthenga kwa kasitomala mothamangirapo. Koma izi zinkatheka mbali imodzi yokha. Uthenga wochoka kunyumba unkayendabe pa 33,600. Ku America malamulo oletsa mphamvu yochuluka pa mawaya a lamya anachititsa kuti liwirolo lisapitirire cha m'ma 53,000, ndipo pa mawaya otopa linkatsika kwambiri. Mwachidule, ngakhale 56,000 yolembedwa pa katoni ija, ogula ambiri sanaionepo ndi maso.

Ndipo pasakhale wonyoza liwiro limenelo mopitirira muyeso. ARPANET, netiweki imene inabala intaneti, inayamba mu 1969 ndi nthambo za mabiti 50,000 pa sekondi pakati pa mayunivesite ndi malo ofufuzira a ku America. Imelo ya pakati pa makompyuta inakulira pa liwiro lochepera pa la modemu ya mu 1998.

Waya wa mkuwa nawo unalibe mlandu. Akatswiri atasiya kudutsa m'sefa ya mawu ija n'kuika makina awo kumapeto kwa waya womwewo, njira ya ADSL inayamba kunyamula mabiti mpaka 8 miliyoni pa sekondi pofika mu 1999, foni n'kumagwiranso ntchito nthawi yomweyo. Chimene chinasinthiratu zinthu pa mitunda italiitali, komabe, ndi galasi. Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham, akugwira ntchito ku England, ananena kuti ulusi wa galasi loyeretsedwa bwino ungathe kunyamula kuwala mtunda wautali. Kampani ya Corning inapanga ulusi wotere, wotchedwa faiba, mu 1970, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Nthambo yoyamba ya faiba yodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, yotchedwa TAT-8, inayamba ntchito mu 1988 ikunyamula mabiti 280 miliyoni pa sekondi. Nthambo yonseyo, yolumikiza America, Britain ndi France, inkanyamula zochepera zimene kabowo kamodzi ka kompyuta ya mu ofesi kamalandira lero.

Nanga liwiro lonseli linapita kuti? Gawo lalikulu linadyedwa ndi masamba a intaneti eniakewo. Bungwe la HTTP Archive, limene limayeza masamba mamiliyoni ambiri, lakhala likupeza kuti tsamba lapakatikati tsopano limalemera kupitirira mamegabayiti 2. Pa modemu ya 56,000 tsamba limodzi lotere likanatenga mphindi pafupifupi 5 kuti litseguke. Pa Bell 103 likanatenga maola pafupifupi 15. Koma nkhani imene munthu wabwera kudzawerenga pa tsambalo kawirikawiri ndi zilembo masauzande ochepa chabe, zimene ngakhale modemu yakale ikanabweretsa m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Zotsalazo ndi zithunzi zikuluzikulu zimene palibe anavutika kuzichepetsa, makanema oyamba okha osawaitana, malonda, ndi timapulogalamu tolondola wowerenga kuti tidziwe zimene amakonda. Wolemerayo ndi katundu wa eni tsamba, koma wolipira mtengo wonyamulira ndi wowerenga.

Olemba mapulogalamu a nthawi ya modemu analibe mwayi wotaya. Ankawerenga bayiti iliyonse, chifukwa ankadziwa kuti munthu akadikira nthawi yaitali achoka. Njira zofinyira zithunzi ndi nyimbo, JPEG ndi MP3, zinakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zinafala chifukwa cha usiwa womwewu. Zithunzi zina ankazikonza kuti ziyambe zaoneka mwachimbuuzi, n'kumayera pang'onopang'ono, kuti munthu athe kuona msanga ngati n'chimene akufuna. Khalidwe limenelo linatha nthambo zitakula. Wopanga tsamba wa lero amakhala mu ofesi ya faiba, ndi kompyuta yamphamvu, ndipo tsamba lake limamutsegukira nthawi yomweyo. Za munthu wa foni yotchipa amene watsala ndi mamegabayiti 50 sazimva m'thupi, ndiye sazikonza. Ena amati ndi mmene chitukuko chimayendera. Kunena zoona ndi ulesi, ndipo wafala chifukwa amene amauchita si amene amaulipira.

Pali chinanso chimene nthambo yaikulu singachithetse: mtunda. Kukulitsa lole kumachulukitsa matumba amene inganyamule ulendo umodzi, koma sikufupikitsa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu. Kuwala kumayenda m'galasi pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, ndipo palibe kampani ingawonjezere pamenepo. Tsamba limodzi silibwera ulendo umodzi; kompyuta imafunsa, kuyankhidwa, kufunsanso, maulendo makumimakumi, nthawi zina kumakompyuta a m'mayiko osiyanasiyana. Ngati kompyuta yosunga tsambalo ili ku London kapena ku America, ulendo uliwonse wopita ndi kubwera umadya kachigawo ka sekondi, ndipo tizigawoto tikaphatikizana timakwana masekondi amene munthu amawamva. Mu 2010 Mike Belshe, katswiri amene ankagwira ntchito ku Google, anayeza zimenezi n'kupeza kuti liwiro likapitirira mabiti 5 miliyoni pa sekondi, kuliwonjezera sikufulumizitsanso kwenikweni kutseguka kwa masamba, pamene kuchepetsa nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera kumathandiza nthawi zonse. Komatu nambala imeneyi, ya nthawi ya ulendo, sipezeka pa zikwangwani za malonda.

Kuno kum'mwera kwa Africa nkhani ya mtunda anthu anailawa mokwanira. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo inali m'gulu la mayiko oyambirira kutero mu Africa. Malawi inatsatira mu 1997. Kwa zaka zambiri gombe la kum'mawa kwa Africa linalibe nthambo ya faiba ya pansi pa nyanja, ndipo uthenga wopita kunja unkadalira masetilaiti okhala makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Funso lililonse ndi yankho lake zinkakwera ndi kutsika mtunda umenewo kanayi, zimene zinkadya theka la sekondi modemu isanawonjezerepo kuchedwa kwake. Nthambo ya SEACOM itayamba ntchito mu Julayi 2009, ndi ya EASSy mu 2010, m'pamene zinthu zinasintha. Koma Malawi ndi Zambia alibe gombe, choncho faiba yawo imayenera kudutsa m'mayiko a anzawo, monga Mozambique ndi Tanzania, isanafike kunyanja. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwiri zija zinaduka pansi pa nyanja tsiku limodzi, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi Kenya. Tsiku limenelo ofesi ya nthambo ya biliyoni imodzi inkadikira pamodzi ndi wina aliyense, chifukwa liwiro la ulendo wonse limakhala la pamalo pamene pali popanikizika.

Ndiponso anthu ambiri a m'mayiko ano sanadutse m'njira imene mabuku a mbiri ya intaneti amafotokoza. Lamya za m'nyumba zinali zochepa, za m'maofesi a boma, m'makampani ndi m'nyumba za ochepa a m'tauni. Modemu ambiri anaimvera mu intaneti kafe, ngati anaimva n'komwe. Atadzalowa pa intaneti anadzera pa foni ya m'manja, ndipo nthambo ya faiba kwa iwo ndi chinthu chobisika, chokwiriridwa m'mbali mwa msewu kapena cholendewera pa mapolo a magetsi a ESCOM, chimene chimadyetsa nsanja za mafoni. Kumeneko muyeso wa ndalama ndi wina. Wa modemu ankalipira mphindi, ndiye kuchedwa kwa nthambo kunkamudyera ndalama. Wa foni amalipira bandulo, ndiye chimamudyera ndalama ndi kulemera kwa zimene akulandira. Bandulo ya gigabayiti imodzi, imene pa modemu ikanatha patapita maola 40, pa liwiro la biliyoni imodzi ingathe m'masekondi 8. Netiweki ikamathamanga, mapulogalamu a makanema amadzisankhira okha chithunzi chowala kwambiri, chimene chimalemeranso kwambiri, ndipo mwini foni amangodabwa kuti bandulo ya mlungu wonse yatha Lachiwiri. Kwa munthu wotere, tsamba la mamegabayiti 2 lokhala ndi nkhani ya ndime zisanu likumulipiritsa malonda amene sanawapemphe.

Izi sizikutanthauza kuti masiku a modemu anali abwino. Anali owawa, ndipo amene amawasowa amasowa unyamata wawo, osati kabokosiko. Pali ntchito zimene popanda nthambo zazikulu sizingatheke n'komwe: kuonana pa kanema ndi mwana amene ali ku Johannesburg, kutumiza zithunzi za X-ray kwa dokotala wa kutali, kuphunzitsa kalasi imodzi m'mizinda itatu. Mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa anapanga bungwe la UbuntuNet Alliance, limene likulu lake lili ku Lilongwe, makamaka pofuna kugulira limodzi nthambo zazikulu, chifukwa ofufuza amatumizirana zinthu zolemera zimene modemu ikanatha nazo miyezi. Pa ntchito zotere biliyoni imodzi ndi yofunikadi, ndipo nthawi zina imaperewera. Vuto limabwera pamene nambala yofunika ku yunivesite ikugulitsidwa kwa banja ngati kuti ndiyo yokha yoyenera kufunsa.

Ndipo nambalayo imalembedwa mochenjera. Liwiro amalitchula m'mabiti, Mbps, pamene bandulo ndi mafayilo amaziyeza m'mabayiti, MB, ndipo bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Wogula "20 Mbps" amene akuyembekeza mamegabayiti 20 pa sekondi adzalandira awiri ndi theka, zikayenda bwino. Kutsogolo kwa nambalayo kumakhalanso kamawu kakuti "mpaka", kamene kamalola kampani kulonjeza liwiro limene limapezeka pakati pa usiku anthu onse atagona. Khalidweli ndi lomwe lija la 56,000 ya pa katoni, langokula.

Mayiko ena anatopa nalo. Ku America, kuyambira mu Epulo 2024, bungwe la FCC linalamula makampani akuluakulu a intaneti kuika chikalata choonekera pa malonda awo, chosonyeza mtengo weniweni wa pamwezi, liwiro limene kasitomala amapeza nthawi zambiri polandira ndi potumiza, komanso nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera ija. Palibe choletsa MACRA ku Malawi kapena ZICTA ku Zambia kufuna zomwezo, n'kuwonjezerapo funso limene lili lofunika kuno: kampaniyo ili ndi njira zingati zotulukira kunyanja, ndipo imodzi ikaduka chimachitika n'chiyani? Mawebusayiti a boma, a mabanki ndi a masukulu, amene anthu amawatsegula chifukwa chokakamizika, nawo angapatsidwe malire a kulemera kwa tsamba, monga mmene lole imapatsidwira malire pa sikelo ya pamsewu.

Pa nkhani ya liwiro lolengezedwa, ku Britain anayamba kale. Lamulo lakale linkalola kampani kulengeza liwiro limene makasitomala 10 okha mwa 100 alionse ankalipeza. Mu Meyi 2018 bungwe loyang'anira malonda la ASA linasintha: liwiro lolengezedwa liyenera kukhala limene theka la makasitomala amalipeza pa nthawi yotanganidwa, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko usiku. Nthambo zinali zomwezo, mitengo yomweyo, makasitomala omwewo. Patangopita miyezi yochepa, makampani angapo amene ankalengeza "mpaka 17 Mbps" anayamba kulemba 10 kapena 11.